Mabuku a zithunzi oyenera ana aang'ono ndi zofunika kuona posankha

Kafukufuku wa MDG Endline Survey yemwe ofesi ya boma yoona za chiwerengero cha anthu ya National Statistical Office idachita m'chaka cha 2014 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno, amene kwawo kudali mabuku a ana atatu kapena kuposerapo sadakwane n'komwe awiri.

Izi zikutanthauza kuti ana ambiri amagwira buku koyamba tsiku limene alowa sitandade 1, ndipo bukulo limakhala la m'kalasi lophunzitsa malembo ndi maphatikizo. Lipoti la Banki Yaikulu pa Dziko Lonse la m'chaka cha 2018 lidati ku Malawi ndi ku Ghana ana oposa anayi mwa asanu alionse omaliza kalasi yachiwiri ankalephera kuwerenga ngakhale liwu limodzi lodziwika bwino.

Zifukwa za vutoli n'zambiri. Chimodzi ndi kuchuluka kwa ana m'kalasi, komwe kudakula boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale m'chaka cha 1994, pomwe chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ndondomeko ya National Reading Programme yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 2016 idalunjika pa kaphunzitsidwe ka kuwerenga m'makalasi oyambirira. Koma pali gawo lina lomwe silikambidwa kawirikawiri, ndilo la mabuku amene mwana amakumana nawo asadayambe sukulu komanso m'zaka zake zoyamba kusukuluko.

Gawoli likukhudza kwambiri ogwira ntchito m'boma kaamba koti iwo ndiwo amasankha kapena kuvomereza mabuku opita kwa ana. Alangizi a zamaphunziro, ogwira ntchito zosamalira anthu omwe amayendera sukulu za mmera mpoyamba, oyang'anira nyumba zowerengeramo mabuku ndi akuluakulu a m'makhonsolo ndi amene amalandira makatoni a mabuku kuchokera kwa abwenzi akufuna kwabwino, ndipo nthawi zina ndi amene amalemba mndandanda wa mabuku ogula. Ndalama zikachepa, buku lililonse losankhidwa molakwika limatenga malo a lina lomwe likadathandiza.

Choyamba kudziwa n'chakuti buku la zithunzi ndi losiyana ndi buku lophunzirira kuwerenga. Akuluakulu ambiri a m'maofesi amakumbukira buku la Sosa kapena mabuku a Timve ndi Tsala omwe ankawerenga kupulayimale. Mabuku ngati amenewa alinso ndi zithunzi, koma mawu ake amasankhidwa potsata malembo amene mwana waphunzira kale kuti athe kuwerenga yekha. Buku la zithunzi limalembedwa kuti wamkulu awerengere mwana mokweza, mwanayo akuyang'ana zithunzi. Choncho likhoza kukhala ndi mawu amene mwana sangathe kuwerenga yekha koma angathe kuwamva ndi kuwasunga m'mutu. Sukulu imafunika mitundu yonse iwiri, ndipo wina sungalowe m'malo mwa unzake.

Mabuku otere sadayambe lero. Buku la Orbis Sensualium Pictus lomwe mphunzitsi wina wa ku Ulaya, John Amos Comenius, adatulutsa mumzinda wa Nuremberg m'chaka cha 1658 limatchulidwa kawirikawiri ngati loyamba la ana lokhala ndi zithunzi. Masiku ano ambiri mwa mabukuwa amakhala ndi masamba 32, chifukwa posindikiza pepala lalikulu limapindidwa n'kutulutsa masamba 8 kapena 16 nthawi imodzi. Wolemba amayenera kukwanitsa nkhani yonse m'masamba ochepawa, ndipo n'chifukwa chake gawo lalikulu la nkhaniyo amalisiya m'manja mwa wojambula zithunzi.

Chitsanzo chabwino cha momwe izi zimachitikira ndi buku la Handa's Surprise lomwe Eileen Browne wa ku Britain adalemba ndi kujambula m'chaka cha 1994. Nkhani yake idachitikira m'mudzi wina kumwera chakumadzulo kwa dziko la Kenya. Mtsikana wotchedwa Handa asenza dengu la zipatso zisanu ndi ziwiri, monga nthochi, gwafa, mango, chinanazi ndi peyala, kukapatsa mnzake Akeyo kumudzi wina. Ali m'njira akungoganiza za chipatso chimene mnzakeyo akachikonde. Mawu a m'bukumo amanena maganizo a Handa okha. Zithunzi ndizo zimaonetsa pusi, nthiwatiwa, mbidzi, njovu ndi nyama zina zikutola chipatso chimodzichimodzi m'dengumo iye osadziwa, mpaka mbuzi itagunda mtengo wa manachesi omwe agwa n'kudzaza dengu lija.

Mwana wa zaka zitatu amene sadziwa lembo lililonse amaona kuba kumeneku wowerenga asadanene kanthu. Amakuwa, amaloza, amafuna kuchenjeza Handa. Apa mwanayo wayamba kale ntchito yaikulu ya kuwerenga, yomwe ndi kutsata nkhani, kuganizira chomwe chichitike patsamba lotsatira ndi kudziwa zinthu zimene mpangankhani sakudziwa. Posankha buku, mkulu aliyense angathe kuliyesa motere: aphimbe mawu onse n'kuona ngati zithunzi pazokha zikunena kanthu. Ngati zithunzi zangokhala zokongoletsa tsamba, bukulo ndi lofooka ngakhale chikuto chake chinyezimire bwanji.

Pa mabuku onena za Malawi, lodziwika kwambiri kunja ndi Galimoto, lomwe lidasindikizidwa ku America m'chaka cha 1990. Adalemba ndi Karen Lynn Williams, yemwe adakhalapo m'dziko muno pansi pa bungwe la Peace Corps, ndipo zithunzi adajambula ndi Catherine Stock. Nkhani yake ndi ya Kondi, mnyamata wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene watsimikiza mtima kupanga galimoto ya mawaya. Mkulu wake amuseka kuti ndi wamng'ono komanso alibe mawaya okwanira. Kondi ayenda tsiku lonse m'mudzi kufunafuna mawaya, kusitolo ya amalume ake, kuchigayo ndi malo ena, kwina akupempha, kwina akusinthanitsa ndi zinthu zake, kwina akukalipiridwa, mpaka galimoto ija itatheka dzuwa litapendeka.

Ubwino wa bukuli kwa mwana wa ku Malawi ndi woti palibe chimene akufunika kumufotokozera. Mzere wa amayi odikira pachigayo akuudziwa. Galimoto ya mawaya adaiona, mwina mkulu wake ali nayo kuseri kwa nyumba. Mwana akazindikira kuti zinthu za kwawo n'zoyenera kulembedwa m'buku, amayamba kuona buku ngati chinthu chake, osati cha alendo. Komanso nkhaniyi siyimulalikira. Palibe pomwe wolemba aima n'kuuza mwana kuti khama lipindula. Mwanayo amadzionera yekha pamene Kondi akukankha galimoto yake pamaso pa anzake. Mphunzitsi wanzeru akamaliza kuwerenga amangofunsa ana kuti iwo akadapita kuti kukafuna mawaya, ndipo kalasi yonse imayankhula. Williams adalembanso buku lina lochitikira ku Malawi lotchedwa When Africa Was Home, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1991.

Lina ndi The Boy Who Harnessed the Wind, mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Buku la akuluakulu, lomwe Kamkwamba adalemba pamodzi ndi Bryan Mealer, lidatuluka m'chaka cha 2009, ndipo la zithunzi lidatsatira m'chaka cha 2012. Adajambula ndi Elizabeth Zunon, yemwe adakulira mumzinda wa Abidjan ku Côte d'Ivoire, pogwiritsa ntchito utoto ndi mapepala oduladula. Bukuli limafotokoza za njala ya m'zaka za 2001 ndi 2002, kusiya sukulu kwa Kamkwamba chifukwa chosowa fizi, ndi makina opanga magetsi kuchokera ku mphepo omwe adamanga ali ndi zaka 14 pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale ya bambo ake.

Kwa osankha mabuku, mfundo yofunika m'mbiri imeneyi ndi ya momwe mnyamatayo adapezera nzeruzo. Adabwereka buku lotchedwa Using Energy m'laibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulayimale ya kwawo. Chingerezi chake panthawiyo chidali chochepa, ndipo iye mwini adafotokoza m'buku lake kuti ankadalira kwambiri zithunzi ndi zojambula kuti amvetse zolembedwazo. Buku la zithunzi la Kamkwamba ndi loyenera ana okulirapo, a zaka zisanu ndi chimodzi kupita m'tsogolo, poti nkhani ya njala ndi yolemera kwa mwana wa kumkombaphala.

Mabuku ena a mu Africa oyenera kuwaganizira ndi monga Sosu's Call la Meshack Asare wa ku Ghana, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1997 ndipo lidapata mphotho ya bungwe la UNESCO m'chaka cha 1999. Ndi nkhani ya mnyamata wosatha kuyenda amene anthu a m'mudzi wa asodzi ankamuona ngati wopanda ntchito, kufikira tsiku lomwe madzi adasefukira akuluakulu onse ali kumunda ndi kunyanja, iye n'kukwawa kukaimba ng'oma yowaitana. M'maboma a Nsanje, Chikwawa, Mulanje ndi Phalombe, komwe namondwe wa Freddy adasautsa anthu m'mwezi wa Marichi 2023, ana sangafune womasulira kuti amve mantha a Sosu. Bukuli limathandizanso kukamba za ulumali popanda kuchititsa mwana aliyense manyazi. Palinso Mufaro's Beautiful Daughters la John Steptoe la m'chaka cha 1987, nthano ya atsikana awiri apachibale, Manyara ndi Nyasha, yomwe zithunzi zake zidatengera mabwinja a Great Zimbabwe.

Izi sizikutanthauza kuti mabuku a maiko akutali ndi osafunika. The Very Hungry Caterpillar la Eric Carle, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1969 ndipo lidamasuliridwa m'ziyankhulo zoposa 60, limaphunzitsa masiku a sabata, kuwerenga manambala ndi momwe mbozi imasandukira gulugufe, zonsezi m'mawu ochepa kwambiri. Masamba ake ali ndi timabowo tomwe mwana amapisamo chala ngati kuti mboziyo yaboola. Zipatso zina za m'bukumo n'zachilendo kwa mwana wa kumudzi, ndipo kumadera omwe mphalabungu ndi matondo ndi ndiwo, sizingadabwitse mwana atafunsa ngati mbozi yonenepayo ndi yodyedwa. Funso lotere si losokoneza phunziro. Ndi umboni woti mwanayo akulumikiza buku ndi moyo wake. Vuto limabwera pokhapokha shelefu yonse ikadzaza ndi mabuku a chipale chofewa, masitima a pansi pa nthaka ndi nyumba zosanja, popanda ngakhale limodzi loonetsa nkhokwe, mjigo kapena bwato.

Msinkhu wa mwana nawo ndi wofunika kuuganizira. Khanda losakwana zaka ziwiri limaluma buku, kulikoka ndi kuliponya pansi, choncho limafunika la masamba olimba ngati katoni kapena la nsalu, lokhala ndi chithunzi chimodzi chachikulu patsamba, monga nkhope, kapu, nkhuku kapena mpira. Ana a zaka zitatu mpaka zisanu amakonda nkhani yobwereza mawu omwewo, kuti azitha kuvomera monga amachitira pa nthano wamkulu akati "padangokhala" iwo n'kuyankha "tili tonse". Oyambira zaka zisanu ndi chimodzi angathe kutsata nkhani yaitali yokhala ndi vuto lenileni ndi apangankhani angapo.

Koma nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi ya chiyankhulo. Ambiri mwa mabuku atchulidwawa adalembedwa m'Chingerezi ndipo adasindikizidwa kunja, kuphatikizapo atatu onena za Malawi aja. Mwana wa zaka zinayi wa ku Dedza, ku Rumphi kapena ku Mangochi amaganiza, kuseka ndi kufunsa mafunso m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Akamawerengeredwa m'chiyankhulo chimene sakuchimva amangokhala duu kuyang'ana zithunzi, ndipo phindu lalikulu la bukulo, lomwe ndi kucheza kwa iye ndi wamkulu, limatayika. Mlezi wodziwa Chingerezi angathe kuwerenga bukulo payekha kaye, kenako n'kufotokozera ana nkhaniyo m'chiyankhulo chawo akutsegula masamba. Njirayi imathandiza, koma simalowa m'malo mwa buku lomwe mawu ake osindikizidwa ndi a chiyankhulo cha mwanayo, poti mwana amafunikanso kuona kuti mawu otuluka m'kamwa mwa amayi ake ali ndi maonekedwe papepala.

Bungwe la National Library Service, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1967, lidasindikizapo mabuku a ana olembedwa ndi Amalawi m'gulu la mabuku lotchedwa Werengani, ndipo mkulu wofuna mabuku a m'dziko momwe muno ayenera kuyambira kufunsa kumeneko ndi kwa osindikiza mabuku a kuno. Msika wa mabuku a zithunzi ndi wovuta chifukwa kusindikiza zithunzi za mitundumitundu kumadya ndalama zambiri, ndipo mtengo wa buku limodzi umatsika pokhapokha mabuku osindikizidwa nthawi imodzi akachuluka. Khonsolo kapena bungwe likaitanitsa mabuku ambiri a mutu umodzi limathandiza wosindikiza kutsitsa mtengo komanso limapatsa olemba ndi ojambula a m'dziko muno chifukwa chopitirizira ntchito.

Kuyambira m'chaka cha 2014 padatsegukanso njira ina. M'chakacho bungwe la Saide la mumzinda wa Johannesburg lidatsegula tsamba la pa intaneti la African Storybook, lomwe lili ndi nkhani za zithunzi m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa ndi Chinyanja, zosanjidwa potsata kuvuta kwake. M'chaka chomwecho ku South Africa kudayambanso bungwe la Book Dash, lomwe limasonkhanitsa wolemba, wojambula ndi wokonza masamba kuti apange buku lathunthu m'maola 12 mongodzipereka, ndipo masomphenya ake ndi oti mwana aliyense akhale ndi mabuku 100 akeake pofika zaka zisanu. Ku India, bungwe la Pratham Books lidatsegula tsamba la StoryWeaver m'chaka cha 2015.

Mabuku a m'masambawa ali pansi pa chilolezo cha Creative Commons, kutanthauza kuti munthu angathe kuwatenga, kuwamasulira ndi kuwasindikiza popanda kulipira eni ake, bola maina a olemba ndi ojambula asachotsedwe ndipo mfundo za chilolezo cha buku lililonse zitsatidwe. Ofesi ya zamaphunziro paboma yomwe ili ndi kompyuta ndi makina osindikizira ingathe kutulutsa timabuku tokwanira sukulu zingapo pamtengo wa mapepala ndi inki basi.

Apa pakufunika kusamala. Ena mwa mabukuwa adamasuliridwa ndi anthu ongodzipereka, choncho ubwino wake ndi wosiyanasiyana. Ena ali m'Chinyanja cha ku Zambia, chomwe mawu ena ndi kalembedwe kake n'kosiyana ndi zomwe ana amaphunzira m'sukulu za ku Malawi. Buku lisadasindikizidwe lochuluka, mphunzitsi wodziwa bwino chiyankhulocho aliwerenge mokweza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chiganizo chomwe chikupunthwitsa lilime la mphunzitsi chidzapunthwitsanso khutu la mwana. Kwa madera osakanikirana ziyankhulo, mabuku opanda mawu n'komwe, omwe nkhani yonse ili m'zithunzi, ndi othandiza kwambiri chifukwa buku limodzi lomwelo lingathe kukambidwa m'Chisena m'mawa ndi m'Chilomwe masana.

Buku labwino palokha silikwanira ngati wamkulu sadziwa kuligwiritsa ntchito. M'chaka cha 1988 katswiri wa ku America, Grover Whitehurst, ndi anzake adaonetsa kuti ana amaphunzira mawu ambiri pamene wamkulu akuwafunsa mafunso pa zithunzi, kudikira yankho, kuwayamikira ndi kuwonjezera pa zomwe anena, kusiyana ndi pamene akungowawerengera iwo ali chete. Kafukufuku wina yemwe zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2015 adayesa njira yomweyi ku Khayelitsha, dera la anthu osauka mumzinda wa Cape Town. Olera ana a miyezi 14 mpaka 16 adaphunzitsidwa kwa masabata asanu ndi atatu momwe angaonerere buku limodzi ndi mwana, ndipo ana awo adapita patsogolo pa kudziwa mawu ndi kutchera khutu poyerekeza ndi anzawo omwe olera awo adali asadaphunzitsidwe.

Phunziro la kafukufukuyu kwa alangizi oyendera midzi ndi loti kholo losadziwa kuwerenga silikusiyidwa kunja. Agogo amene sadapite kusukulu angathe kuloza mbuzi pachithunzi, kufunsa mdzukulu kuti ikupita kuti, n'kumukumbutsa za mbuzi ya pakhomo yomwe idadya chimanga cha anansi. Mphindi khumi patsiku, mwana ali pamiyendo kapena pamphasa pambali pa wamkulu, n'zokwanira kuyambira. Mwana akapempha buku lomwelo tsiku ndi tsiku asakanizidwe, poti kubwereza ndi momwe mawu atsopano amakhazikikira.

Chotsala ndi kasungidwe. Mphunzitsi wamkulu kapena wapampando wa komiti ya sukulu ya mmera mpoyamba amene wasainira mabuku 50 amadziwa kuti tsiku lina adzafunsidwa za mabuku 50 omwewo. Poopa kuti ena ang'ambika kapena kusowa, ambiri amawatsekera m'kabati, ndipo woyendera akafika amawapeza onse ali bwinobwino, ena asadatsegulidwe n'komwe. Malinga ngati mafomu a oyendera akufunsa chiwerengero cha mabuku chokha, khalidweli silingathe. Fomu ingathe kufunsanso kuti ndi mabuku angati omwe adabwerekedwa mwezi wathawo, ndi ana angati omwe adapita nawo kunyumba, komanso ngati mabukuwo ali pamalo pomwe mwana wa zaka zinayi angafikire yekha.

Pomwe palibe mashelefu, mabuku angathe kupachikidwa pachingwe chomangidwa m'munsi mwa khoma kapena kuikidwa m'matumba a nsalu osokedwa ndi makolo, kutali ndi chiswe ndi podontha. Timabuku tosindikizidwa paofesi timakhalitsa tikasokedwa ndi ulusi pakati ndi kuvekedwa chikuto cha katoni, ndipo kamodzi pa teremu alezi ndi makolo angathe kukhala pansi kumata masamba ong'ambika ndi kulemba m'kaundula mabuku ofunika kusindikizanso.